Ayisikilimu wa Malakuja

Azakhali anga a Esinati anamwalira chaka chatha, mwezi ngati uno, masana dzuwa likuswa mtengo, ali m'nyumba mwawo ku Limbuli. Za nyumbazi ndikuzitchula dala, chifukwa kutsirizikira m'menemo sikunangochitika, anachita kukulimbanira. Pa maliro awo abusa anayesetsa kunena zimene zimanenedwa pa maliro a munthu wamkulu aliyense, zoti malemuwa anali mayi wofatsa, wodekha, wosakonda mikangano. Anthu anayamba kuyang'anana. Kumbali ya azimayi wina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira. Azakhali sanali ofatsa ngakhale pang'ono, ndipo akanamva ulaliki umenewo akanadzuka n'kuwafunsa abusawo kuti akuika maliro a yani.

Anali alongo awo aakulu a bambo anga. Anathyola tiyi ku esiteti zaka zambirimbiri, dengu lili kumsana, mpaka zala zawo zinapindika ngati zikufunabe kuthyola. Atapuma pa ntchito, mwana wawo mmodzi yekhayo, Joisi, yemwe amagwira ntchito ku Blantyre, ankawatumizira kangachepe mwezi ndi mwezi kuti azigula sopo ndi ndiwo. Sopo ankagula, sindikukana. Koma tsiku la msika likafika ankavala duku lawo lakutchalitchi, kutenga ndodo, n'kulunjika ku golosale ya Che Jafali kukagula ayisikilimu.

Che Jafali ndi Myao wamtali, wa ndevu zoyera, ndipo golosale yawo ndi imene inayamba kukhala ndi furiji yaikulu yotsegula pamwamba m'dera lathu. Makasitomala ena ankapempha kuti awatengere chinthu. Azakhali ankatsegula okha, kulowetsa mutu mpaka m'mapewa, n'kuyamba kukankhira pambali nkhuku ndi mafilizesi ngati akufukula mbatata. Akatulutsa mutu, funso linali limodzimodzi zaka zoposa khumi.

"Che Jafali, malakuja abwera?"

"Malakuja ali kuja, amayi, kuno kulibe," ankayankha Che Jafali, akuloza kumapiri ndi milomo.

"Golosale yanji yopanda katundu? Ingotsekani muzigulitsa makala."

"Ndikayamba makala, inu mudzabwerabe kudzafuna makala a malakuja."

Aliyense m'golosalemo ankaseka, ndipo azakhali ankawatukwana Che Jafali m'Chilomwe, chilankhulo chimene ankachisungira mkwiyo ndi mapemphero. Palibe ankadziwa kuti malakuja n'chiyani. Azakhali ankati ndi mtundu wa ayisikilimu, wachikasu, wowawasa pang'ono, womveka mpaka m'mphuno. Ife tinkati ndi nkhani zawo za ukalamba. Ana ena anafika powapatsa dzina loti agogo a Malakuja, koma ankalitchula ali patali, poti ndodo ija sinali yoyendera yokha.

Malakuja akasowa, ankagula umene ulipo, koma osaleka kuunyoza. Mitundu yonse anali ataizenga mlandu kalekale. Wa vanila ankati ndi wa anthu opanda maganizo, amene ukawafunsa chimene akufuna amayankha kuti chilichonse. Wa chokoleti ankaufanizira ndi phala lopserera. Wa sitiroberi ankauvomera monyinyirika, amvekere umanunkhira mankhwala a chifuwa a ana koma mwina n'chifukwa chake umachiritsa mtima. Tsiku lina kunabwera wobiriwira, ndipo atalawa anafunsa Che Jafali ngati aperekenso mswachi. Wabuluu sanaukhudze n'komwe, poti m'munda monse mwa Mulungu iwo anali asanaonemo chakudya chabuluu. Mafilizesi ankati ndi madzi onamizira, oyenera anthu amene ataya chiyembekezo.

Anthunso ankawayeza ndi muyezo womwewo. Pamene ndinapita kukawaonetsa mwamuna amene ndinakwatiwa naye, sanafunse za mtundu wake kapena mpingo wake. Anamutengera kwa Che Jafali, kutsegula furiji, n'kumuuza kuti asankhe. Mwamwayi anatola wa sitiroberi. Azakhali anandikokera pambali n'kundinong'oneza mokweza, moti mwiniwake anamva, kuti si wanzeru kwambiri koma ndikhoza kukhala naye.

Chimene chinkawapweteka mutu Che Jafali koposa zonse chinali kadyedwe kake. Azakhali akagula kakapu kawo sankadya. Ankatuluka nako, kukaika pakhonde la golosale pamene pali dzuwa, n'kukhala pambali pake kumadikira. Kasupuni kamene amapereka ankakabweza. Ayisikilimu uja akasungunuka yense n'kukhala ngati mkaka wa ng'ombe yongobereka kumene, m'pamene ankanyamula kakapuko ndi manja awiri n'kumwa pang'onopang'ono, maso atatseka. Che Jafali ankatuluka atagwira m'chiuno, kudandaula kuti iwo amalimbana ndi magetsi usana ndi usiku kuti chinthucho chiume, ndiye munthu n'kudzachiwotcha pakhomo pawo pomwe, anthu akuona. Azakhali ankayankha kuti wouma ndi wosapsa, ndipo amene amadya wouma ndi osaleza mtima.

Chiyambi cha zonsezi ndinachimva kambirimbiri, nthawi zina tikusenda chinangwa, nthawi zina ndikuwaluka tsitsi. Ali mtsikana, kutsidya kwa Muloza kukulamulidwabe ndi Apwitikizi, kunali mnyamata wina dzina lake Fulansisiko, amene anthu ankangomuti Sisiko. Ankanyamula katundu pa sitolo ya Mpwitikizi wina ku Milange, ndipo Lamlungu lililonse ankapalasa njinga kudzawaona. Azakhali ankamukana. Ankati anali wamfupi, komanso ankaseka nthabwala zake asanazimalize. Tsiku lina la mwezi wotentha anafika thukuta lili kamukamu, atamangirira kachitini kumbuyo kwa njinga, atakakulunga ndi chiguduli chonyowa. Anati wabweretsa chinthu chimene azungu amadya, chozizira kuposa madzi a m'phiri, dzina lake ayisikilimu wa malakuja. Atatsegula, munali madzi achikasu, ofunda. Sisiko anatsala pang'ono kulira. Azakhali, pomumvera chisoni, anamwa madziwo, ndipo ankati asanatsitse kachitiniko anali atadziwa kale kuti amulola.

Anakhala m'banja zaka zingapo, n'kubereka Joisi. Kenako kutsidya kunabuka nkhondo, a Sisiko anawoloka kukatenga amayi awo, ndipo sanabwerenso. Panalibe maliro, panalibe manda, ngakhale chithunzi chawo panalibe. Ena ankati anaphedwa panjira, ena a pakamwa poipa ankati anakwatira kwina. Azakhali analumbira kuti mwendo wawo sudzaponda kutsidyako, ndipo sanapondeko mpaka imfa, ngakhale kuti malirewo ndi ulendo waufupi wa kabaza. Chimene anatsala nacho cha amuna awo chinali mwana mmodzi ndi liwu limodzi lija.

Mavuto anayamba zaka zinayi asanamwalire. Tsiku lina anasiya nyemba pamoto n'kupita ku golosale, ndipo anansi ndi amene anathyola chitseko cha khitchini ataona utsi. Patangopita milungu iwiri anamva kuti ku Boma kwatsegulidwa golosale yatsopano ya mafuriji atatu. Anakwera minibasi okha, osauza munthu. Tinawafunafuna tsiku lonse, kumunda, kuchigayo, kumtsinje, mitima ili m'mwamba. Anatsika madzulo akudandaula kuti mafuriji atatu onsewo ndi vanila yekhayekha.

Joisi anabwera kuchokera ku Blantyre nkhope itagwa. Si munthu woipa, amawakonda amayi ake, ndipo mantha ake anali enieni. Anazungulira kufunsa anthu mmene amayiwo akukhalira, mpaka anafika kwa Che Jafali. Iwo, poyesa kuti ndi macheza a masiku onse, anati amayi anuwa ndi olimba ngati mwala, vuto ndi lakuti zaka khumi akufunafuna chinthu chimene kulibe pa dziko lapansi. Joisi sanaseke. Anatulutsa foni, kulemba liwu lija monga mmene amayi ake ankalitchulira, ndipo foniyo sinapeze kanthu. Pa msonkhano wa banja anati mutu wa amayi wayamba kusokonekera, akufuna zinthu zimene kulibe, ndipo awatenga azikakhala nawo m'tauni. Pano ndiyenera kuulula: ine ndinavomereza. Ndinati Joisi akunena zoona, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira.

Tinkayembekezera nkhondo. Tinkati ndodo ija iyenda pamsana pa munthu. Koma azakhali anangokhala chete, n'kuyamba kugawa nkhuku zawo kwa anansi, imodziimodzi, akutchula khalidwe la iliyonse. Kukhala chete kwawo kunandiopsa kuposa kukalipa. Lachisanu masana, ndikuwathandiza kupinda zitenje, anaima n'kundiyang'ana.

"Iwe Malita, tandiuza zoona. Kodi mwina ndinangolota?"

"Kulota chiyani, azakhali?"

"Kachitini kaja. Njinga ija. Aliyense akuti kulibe. Tsono ngati malakuja kulibe, ndiye kuti munthu uja anandibweretsera chiyani? Nkhope yake ndinaiwala kale, Malita. Ndatsala ndi kukoma kokha. Nako mukuti n'kwabodza."

Ndinapitiriza kupinda chitenje chimene ndinali nditapinda kale.

Loweruka m'mawa galimoto ya Joisi inadzaza: matiresi pamwamba, mapoto m'buti, azakhali kutsogolo atavala duku lakutchalitchi. Titafika pa msika anati tiime kaye, akufuna akawatukwane Che Jafali komaliza. Tinalowa tonse atatu. Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, m'golosalemo munali kamdima, ndipo furiji ija inali itafunditsidwa masaka onyowa ngati munthu wodwala malungo. Che Jafali anali ataima pambali pake, akupukuta manja pa malaya mosalekeza. Azakhali sanatsegule furiji. Anangoti abwera kudzatsanzika.

"Simufunsa lero, amayi?" anatero Che Jafali.

"Ndifunse chiyani? Ndatopa n'kusekedwa."

"Funsani basi. Zaka zonsezi mwafunsa, lero lokha likukanikani?"

Azakhali anapumira m'mwamba. "Chabwino. Che Jafali, malakuja abwera?"

"Abwera."

Anachotsa masaka aja, kulowetsa dzanja pansi pa nkhuku, n'kutulutsa kakontena kachikasu kolembedwa Chipwitikizi. Zimene zinachitika tinazimva pambuyo pake. Che Jafali atamva kuti nthabwala yawo ndi imene yasamutsa munthu, chakudya chinawakanika. Lachinayi anatseka golosale, kukwera kabaza mpaka pa Muloza, kuwoloka, n'kuyamba kulowa sitolo ndi sitolo ku Milange, bambo wamkulu wa ndevu zake akufunsa malakuja. Anasekedwa mmene ankasekedwera azakhali, ndipo anati aka kanali koyamba kudziwa kuwawa kwake. Pa sitolo ina mayi wachikulire wogulitsa anawauza kuti abwereze katatu, kenako anaomba m'manja n'kulitchula liwulo mwa eni ake, lilime likugudubuzika: marakuzha. Zaka makumi asanu m'kamwa mwa azakhali zinali zitalipera liwulo mpaka eni ake osalizindikira msanga.

Azakhali sankadziwa kuwerenga, choncho anandipatsa ine kakontenako. Ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi. Joisi anasuzumira paphewa panga, kuyang'ana chithunzi cha chipatso chimene chinali pa chivundikiro, n'kukuwa.

"Amayi! Awa si magalagadeya awa?"

Magalagadeya! Omwe aja amayanga pa mpanda uliwonse ku Mulanje kuno, omwe ana amagenda nawo agalu. Pa mpanda wa azakhali eniakewo panali chitsinde chachikulu cha magalagadeya, ndipo iwo anali asanalawepo ngakhale limodzi chibadwire, poti ankati m'kati mwake mumaoneka ngati mazira a chule.

Che Jafali anayamba kupepesa kuti magetsi awachita chipongwe, ayisikilimuyo wasungunuka yense. Azakhali anawauza kuti akhale chete, kwa nthawi yoyamba agulitsa chinthu chakupsa. Anatsegula, kunyamula ndi manja awiri, n'kumwa. Anakhala nthawi yaitali maso ali chitsekere. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo tinkayesa akulira, koma kunali kuseka. Anaseka mpaka kutsamira furiji, misozi ikutsika m'makwinya.

"Sisiko wabodza iwe!" anatero. "Kundipalasira njinga mtunda wonse uja, thukuta thoo, kundibweretsera mazira a chule! Ine n'kukwatiwa!"

Atapukuta m'maso anayankhula motsitsa, ngati akudziuza okha. "Ndiye chifukwa chake. Chaka chilichonse zipatso zija zikapsa pampanda, ndikamasesa m'mawa, ndinkangoona munthu uja wandibwerera mumtima. Ine kumati ndi maganizo chabe. Kani linali fungo."

Joisi anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa galimoto. Ndinamupeza akulira. Iye sankawakumbuka bambo ake, ndipo anandiuza kuti nayenso, chamumtima, ankaganiza kuti nkhani ya njinga ija amayi ake anangoipeka pofuna kumutonthoza ali mwana. Azakhali anatulukira pakhomo, milomo ili yachikasu, ndodo ili m'manja, mawu awo akale atabwerera.

"Joisi, tsitsa katundu wanga. Wamisala ndani pano?"

Joisi anayesa kulimbalimba. Anati malakuja apezeka, inde, koma nyemba zija zinapserera ndithu, ndipo zimenezo sizinali za Chipwitikizi. Anakangana pamsika pomwepo, anthu atazungulira, ogulitsa tomato akuikirapo ndemanga. Pamapeto pake anagwirizana kuti azakhali atsala, ine ndizipita kukawaona m'mawa uliwonse, ndipo ulendo wa minibasi azinena kaye. Galimoto inatembenuka. Madzulo a tsiku lomwelo azakhali anazungulira mudzi wonse kulanda nkhuku zawo. Imodzi anapeza itadyedwa kale, ndipo banja limenelo silinamve mtendere mpaka Khirisimasi.

Musaganize kuti zitatero anasintha. Chipatsocho sanachidyebe, amvekere chule ndi chule basi. Koma anapeza nzeru ina: ankathyola magalagadeya awiri pampanda, kupita nawo kwa Che Jafali pamodzi ndi sefa ya tiyi, kugula wa vanila, kuusungunula padzuwa, n'kufinyiramo madzi ake mbewu zikutsalira m'sefa. Vanila amene anamunyoza zaka zonse zija anamukhululukira, ati munthu wopanda maganizo ali ndi ubwino umodzi, amamva zimene wauzidwa. Azakhali sanawathokoze Che Jafali n'kamodzi komwe pamaso pawo. Ankawauza kuti wa kakontena uja unali wabwino, koma sunafike pa wa Sisiko. Kwa ine ndi kumene ananena, tsiku lina tikuchokera ku chipatala, kuti m'dera lonse lino mwamuna ndi mmodzi yekha, ndipo ndikakawauza Che Jafaliwo andithyola miyendo. Ndinawauza tsiku la maliro, ndipo anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa chawo.

Anakhala m'nyumba mwawo zaka zina zinayi, akudziphikira, akukalipira nkhuku, akundithamangitsa ndikafika mochedwa komanso ndikafika molawirira. Nyemba zinapsereranso kawiri, ndipo tinagwirizana kuti Joisi asamve.

Sabata yatha abale ena anati nyumbayo ikungowonongeka, bwanji tichotse malata ndi chitseko chiswe chisanalowe. Joisi anabwera kuti tikaone limodzi. Udzu wamera mpaka pakhonde. Titatsegula munatuluka fungo la nyumba yosakhalamo munthu. Katundu anagawidwa kale, munangotsala msomali kukhoma ndi timaenje tinayi pansi pamene panali miyendo ya bedi. Joisi anayenda kuchokera kukhoma lina kufika lina, mapazi asanu basi, n'kunena kuti chipinda chimene anawakonzera amayi ake ku Blantyre chinali chachikulu kuposa nyumba yonseyi. Anafunsa ngati ndikuganiza kuti akanakhala moyo mpaka lero akanapita kufupi ndi madokotala. Ndinati sindikudziwa, ndipo sindikudziwadi.

Kenako anakhala pansi pakhomo, mwendo umodzi m'kati wina kunja. Ukakhala pamenepo umaona njira yonse yopita kumsika, minda ya tiyi, ndi phiri kumbuyo kwake. Tili chikhalire, mayi wina anadutsa atasenza nkhuni. Ataona chitseko chotsegula, pakamwa panayankhula pokha monga mwa zaka zonse, asanatembenuke n'komwe.

"Mwaswera bwanji m'nyumbamo?"

Atakumbukira anaima, dzanja lili pakamwa. Joisi anandiyang'ana, n'kuyang'ana m'nyumba mopanda kanthumo, kenako anakweza mawu.

"Taswera bwino, mayi. Kaya inu?"

Malata aja sitinachotse.